Galimoto ya zisudzo ikachoka, ana a ku tiyi atsala ndi chiyani?

Sabata ziwiri zapitazo ndinali kwathu ku Thyolo. Ndinakwera minibasi pa Limbe, kudutsa pa Bvumbwe, n'kukatsika pamene msewu wa fumbi umapatukira m'minda ya tiyi. Ndinali nditamva kuti pa sukulu ya pulaimale imene ndinaphunzirapo pakubwera gulu la zisudzo lochokera mu mzinda wa Blantyre, ndiye ndinati ndikadzionere ndekha. Dzina la sukuluyo sinditchula, ngakhalenso la esiteti imene yaizungulira, ndipo mukamawerenga muona chifukwa chake.

Alendowo anafika cha m'ma 10 koloko m'mawa pa galimoto yoyera yolembedwa dzina la bungwe limene limawathandiza. Anatsitsa zimkuzamau, ng'oma ziwiri ndi chinsalu chachikulu chimene anachimangirira pa mitengo ya bulugamu. Ana onse anakhala pansi pa bwalo la mpira. Sewero lake linali la mtsikana amene wasiya sukulu n'kukwatiwa ali wamng'ono, kenaka n'kudzalira pambuyo pake. Anyamata ndi atsikana a gululi ntchito yao amaidziwa, ndipo ana anaseka mpaka kugwira nthiti. Pomaliza mtsogoleri wao anafunsa kuti, "Ana inu, mwaphunzirapo chiyani?" Ana onse anayankha pamodzi kuti sukulu ndi yabwino. Wina anajambula zithunzi, wina anawerenga mitu ya ana n'kulemba m'kope.

Masana kunali maphunziro a zisudzo a ana osankhidwa a Sitandade 6 ndi 7. Mmodzi mwa alendowo, mtsikana wa msinkhu wanga, anawagawa m'magulu n'kuwauza kuti gulu lililonse lipange kasewero kakafupi ka zimene amaona kwao. Gulu lachitatu ndi limene landilembetsa ndemanga ino. Mtsikana wina wa Sitandade 7 anabwereka chipewa, anatola ndodo, n'kukhala kapitawo. Anzake anabereka zikwama za mabuku ngati madengu, n'kufola pa mzere wa sikelo. Kapitawoyo anapisa dzanja m'dengu loyamba n'kunena kuti masamba ngonyowa, achotsapo makilo atatu. Lachiwiri anati masamba ngokhwima. Ana anafa nako kuseka chifukwa mayendedwe ndi kalankhulidwe kake ankakadziwa. Atafika pa wachitatu sanayang'ane m'dengu. Anamuyang'ana mwini dengu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ngati mukufuna kudzalembedwanso dzinja likubwerali, mundipeze madzulo." Kuseka kunathera pomwepo. Amayi angapo amene anaima cha kumpanda pochokera kumunda anagwira pakamwa ndi chitenje. A hedi anaimirira, anaomba m'manja kawiri, n'kulengeza kuti nthawi yatha.

A hediwa anandiphunzitsa ine Sitandade 5, ndipo ndi munthu amene ndimamulemekeza. Nditawatsatira ku ofesi ndinawafunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji simunawalole anawa kumaliza?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwana wanga, iwe ukwera minibasi madzulo ano. Alendowa nawonso akupita. Wotsala pano ndine. Malata a buloko iyo anagula ndi a esiteti, mjigo uwo anakumba ndi a esiteti, ndipo mayi ake a mwana uja amathyola tiyi komweko. Mawa nkhani ikafika kwa kapitawo weniweni, ukufuna ine ndidzatani?" Ndinalibe yankho, ndipo alendo aja nawonso analibe. Pofika 3 koloko chinsalu chinali chitapindidwa, galimoto yapita.

Zimene ndikufuna kunena ndi izi. Sewero limene alendo anabwera nalo linali ndi chilolezo cha aliyense, chifukwa silinauze ana kanthu kamene sankakadziwa. Sewero limene ana anapanga okha linadulidwa pakati, chifukwa linanena poyera zimene mudzi wonse umadziwa koma sunena. Ngati zisudzo zoyendera masukulu zipitirira kukhala chonchi, ndiye kuti tikuphunzitsa ana a m'maesiteti kuombera m'manja mau a anthu ena, n'kumeza ao. Dziko limene linavotera matipate pa 14 June 1993 siliyenera kulera ana otero.

Musandimve ngati ndikudana ndi alendo. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo sewero loyamba limene ndinaona m'moyo wanga, ndili ndi zaka 11, linabwera pa galimoto ngati yomweyi, pa bwalo lomweli. Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira kuti munthu angathe kuimirira pamaso pa anthu n'kuwamvetsera onse popanda ndodo kapena udindo. Chilakolako chimenecho chinandifikitsa ku yunivesite, kumene ndinasiyira panjira m'chaka chachitatu ndalama za fizi zitasowa, ndipo n'chomwecho chimene chinandilowetsa utolankhani. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndine mboni. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Funso langa ndi la zimene zimatsala pa udzu dzuwa likakwera.

Zoyenda ndi zisudzo m'masukulu sizinayambe lero m'dziko muno. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa zisudzo wa masekondale m'chaka cha 1969. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Chancellor College kunabadwa gulu la Travelling Theatre, limene linkanyamula ophunzira n'kumakaonetsa masewero m'masukulu a m'maboma. Aphunzitsi monga a James Gibbs, a Mupa Shumba, a David Kerr ndi a Chris Kamlongera analigwirira ntchito pa nthawi zosiyanasiyana. Inu amene munali ku Lusaka masiku amenewo mukukumbukira kuti yunivesite ya Zambia nayonso inali ndi gulu lake la Chikwakwa, limene linkayenda m'zigawo za dzikolo. Mpikisano wa ATEM ndi umene unatulukira Du Chisiza Jr. ali mwana wa sukulu pa HHI, asanayambitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Komabe masewero ambiri a zaka zoyambazo anali a m'Chingerezi ndipo ankathera m'maholo a masekondale. Mwana wa wothyola tiyi, amene sukulu yake kawirikawiri inkathera ku pulaimale, sankawaona.

Panalinso chopinga china chimene achinyamata a msinkhu wanga timangomva kwa akuluakulu. Lamulo la mu 1968 loyang'anira mabuku ndi zosangalatsa linkafuna kuti sewero lililonse liyambe lapita ku bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe, ndipo ena ankalandira zolemba zao zitakhwatchidwa mizere. Alembi anaphunzira kubisala m'nthano ndi m'mbiri yakale. A Steve Chimombo analemba The Rainmaker pa nkhani ya M'bona, ndipo omvera a nthawi imeneyo anali ndi makutu omva zimene zili kuseri kwa mau. Amene mau ao anamveka kwambiri anaona zakuda. A Jack Mapanje, amene anali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College komweko, anagwidwa pa 25 September 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka May 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Koma m'kati mwa mdima womwewo munatuluka nzeru imene lero tikuitaya. Mu 1981 gulu la Travelling Theatre linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene linakhala masiku angapo n'kupanga masewero osalembedwa papepala, ochokera pa zimene anthu akumeneko ankakamba. Cha m'ma 1985 ntchito yotereyi inapitirira m'midzi ya ku Liwonde, mogwirizana ndi a zaumoyo. Kumeneko ochita sewero ankaima pakati pa nkhani n'kutembenukira kwa oonera: bamboyu achite chiyani tsopano? Chitsime chaipa, wolakwa ndani? Anthu ankayankha, ankatsutsana, ena ankalowa m'bwalo n'kutenga mbali, mpaka mfumu imene inkafunsidwa mafunso pamaso pa anthu ake. Ku Brazil a Augusto Boal anali ataphunzitsa kale njira yofanana nayo, yoti woonera asanduke wochita. Phunziro la zaka zimenezo linali lakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wophunzira wa ku Zomba angadziwe kayendetsedwe ka sewero, koma nkhani yeniyeni ili ndi mwini mudzi. Tionenso kuti sewero losalembedwa n'lovuta kulikhwatcha ndi cholembera, ndipo izi zinkachitika Kamuzu ali pampando.

Ufulu utabwera mu 1994, zisudzo zinapeza ntchito yambiri. Boma latsopano linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College anayenda m'midzi pa pulogalamu ya GABLE kulimbikitsa maphunziro a atsikana, ndipo bungwe la CRECCOM, limene linakhazikitsidwa ku Zomba mu 1999, linaphuka pa ntchito imeneyo. Nanzikambe inabadwa ku Blantyre mu 2003, ndipo a Theatre for a Change anayamba kugwira ntchito m'makoleji a aphunzitsi kuyambira 2007. Pa nthawi imene Edzi inkatha anthu, akuluakulu akuchita manyazi kutchula matendawa, ochita zisudzo ndiwo anayamba kuwatchula pa misika ndi pa mabwalo a sukulu. Alipo anthu amene ali moyo lero chifukwa cha masewero amenewo, ndipo sindikufuna wina adzanene kuti nyuzipepala ino yaiwala zimenezi.

Vuto linalowera pa khomo la ndalama. Wolipira galimoto ndi mafuta ndi amene amasankha mutu wa sewero. Chaka chino ndi kusamba m'manja, chaka chamawa maukwati a ana, chaka chinacho kubzala mitengo. Yonseyi ndi mitu yabwino, palibe angatsutse. Koma imalembedwa mu ofesi ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko lino gulu lisanaponde pa sukulu, ndipo lipoti limafuna chiwerengero cha ana amene anafikiridwa. Kufikira ana 800 m'mawa umodzi kumaoneka bwino papepala kuposa kukhala sabata yathunthu ndi ana 30. Motero gulu limathamanga sukulu ziwiri pa tsiku, mafunso a pomaliza ali ndi mayankho odziwika kale, ndipo ana athu, amene si opusa, anazindikira kalekale yankho limene limasangalatsa mlendo. Mtsikana wa ku esiteti safunika kuuzidwa kuti sukulu ndi yabwino. Amadziwa. Chimene chimamuchotsa pa sukulu ndi chakuti miyezi ya dzinja, pamene tiyi wachuluka ndipo mayi ake akulawira kumunda kusanache, ndi miyezi yomweyo ya njala, ndipo wina ayenera kutsala ndi mwana wakhanda. Sewero la alendo lija silinafike pamenepo.

Ndipo asatinamize wina kuti ana a ku Thyolo alibe nkhani zao. Agogo a ambiri mwa iwo ndi Alomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza kuti malo okhala ali m'manja mwa eni maesiteti. Anakhala pansi pa thangata, kugwira ntchito m'munda wa mzungu ngati malipiro a malo omangapo nyumba, mpaka mchitidwewu unathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Mu August 1953, chitaganya cha Federation chikungoyamba, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda unabutsa zipolowe zimene zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Ndi ana angati a Sitandade 8 ku Luchenza amene anamvapo nkhani imeneyi? Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, amavinidwa m'midzi yomweyi, ndipo m'bwalo lake muli kale alenje, nyama ndi nkhani yoseweredwa. Alendo akabwera ndi zimkuzamau n'kupeza ana amene anakulira pa ng'oma ya tchopa, ayenera kudzifunsa kuti wophunzitsa mnzake ndani.

Zimene mtsikana uja anasewera nazonso si zopeka za mwana. Mu February 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 amene anakasuma ku London ponena kuti anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito m'maesiteti. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalipira ndipo inalonjeza kukonza zinthu. Sindikunena kuti sukulu imene ndinapitako ili pa malo a kampani imeneyi, ndipo sindikunena kuti kapitawo aliyense ndi wotero. Ndikunena kuti nkhani imene inatheka kukambidwa m'khoti la ku London inalephera kumalizidwa pa bwalo la mpira ku Thyolo. Lamulo lathu la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa mchitidwe woterewu pa ntchito. Mwana uja anali kumbali ya lamulo, ndipo ndi iye amene anakhalitsidwa chete.

Anzathu a ku Kenya anaona kale mphamvu ya sewero la anthu a m'minda. Mudzi wa Kamiriithu uli ku Limuru, dera la tiyi ngati Thyolo. Mu 1977 alimi ndi antchito akumeneko anamanga okha bwalo la zisudzo, n'kugwira ntchito ndi a Ngugi wa Thiong'o ndi a Ngugi wa Mirii pa sewero la m'Chikikuyu lotchedwa Ngaahika Ndeenda, lokamba za malo ndi malipiro. Anthu a m'mudzimo ankakonza mau a alembi ophunzirawo pamene aona kuti sizili monga moyo wao uliri. Boma linalanda chilolezo cha seweroli mu November, linatsekera a Ngugi wa Thiong'o kumapeto kwa December, ndipo mu 1982 linagwetsa bwalo lenilenilo. A Ngugi wa Mirii anathawira ku Zimbabwe kumene anapitiriza ntchito ya zisudzo za m'midzi, ndipo mwina ena mwa inu amene munali ku Harare munawaona. Mabuku a Chingerezi a mkuluyu boma la Kenya linkatha kuwapirira. Chimene silinapirire ndi wantchito wa m'munda ataimirira pa bwalo kunena za moyo wake m'chinenero chake.

Kuno kwathu ena amaganiza kuti zoletsa masewero zinatha ndi chipani chimodzi. Akumbukire December 2011, pamene apolisi anagwira Thlupego Chisiza, mwana wa Du, pa bwalo la Nanzikambe ku Blantyre chifukwa cha sewero la Semo, limene analemba ndi Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene anapezeka atafa mu September chaka chomwecho. Mlandu wake unali woonetsa sewero popanda chilolezo, pansi pa lamulo lomwe lija la 1968. Koma zimene ndinaona ku Thyolo zikundiopsa mwa njira ina. Kunalibe wapolisi, kunalibe kalata ya boma, ndipo manijala wa esiteti mwina mpaka lero sakudziwa kuti kunali sewero. Mantha okha anagwira ntchito yonse. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, limene limati mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza. Malamulo amenewa sanafike pa sukulu imene denga lake ndi mphatso ya bwana wa makolo.

Tsono a hedi aja analakwa? Ndaganizira funso limeneli masiku onsewa, ndipo sindingawaponye mwala. Mantha ao ali ndi maziko. Antchito ambiri a tiyi amalembedwa pa nyengo, ndipo mayi amene mwana wake wanyoza kapitawo pagulu angathe kungopeza kuti dzina lake palibe chaka chamawa, popanda womuuza chifukwa. N'zoonanso kuti maesiteti amanga masukulu, zipatala ndi milatho kumene boma silinafike, ndipo n'zoona kuti si bwino akuluakulu kubisala kumbuyo kwa ana pomenya nkhondo zao. Wolakwa woyamba ndi amene anauza ana kuti atsegule mitima yao alibe dongosolo la chochita ikatseguka. Kufunsa mwana kuti asewere zimene amaona kwao, n'kukwera galimoto 3 koloko, kuli ngati kuyatsa moto pa udzu wa mwini n'kumapita. Koma tikati yankho n'kusiya kufunsa ana, ndiye kuti tavomereza kuti mwana wa ku esiteti akule akudziwa malo ake monga anachitira agogo ake pa thangata.

Choncho kwa magulu a zisudzo ndi mabungwe owatuma ndikuti: chepetsani masukulu, onjezani masiku. Sukulu imodzi sabata yathunthu, ndi kubwereranso teremu yotsatira, iposa masukulu khumi a m'mawa umodzi. Musanayambe ndi ana, khalani pansi ndi a hedi, komiti ya sukulu, gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulu, amfumu ndi oimira bungwe la antchito, mugwirizane kuti ana akatulutsa nkhani yolemera idzapita kuti. Bwerani ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo dziwani kumene kuli ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Phunzitsani ana luso limene alembi athu anaphunzira pa nthawi yovuta, lovekera nkhani chovala cha nthano, kuti kapitawo akhale fisi kapena kalulu ndipo pasapezeke mwana mmodzi wolozedwa chala. Muwalole asewere m'Chichewa, ndipo amene akutha Chilomwe cha agogo ao achilowetse. Pochoka musiye mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene mwagwira nawo ntchito masiku onsewo, chifukwa iwowo ndi amene si mame.

Kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndikuti phunziro la Expressive Arts lili kale pa ndandanda ya pulaimale, ndipo zisudzo zili m'menemo. Koma poti pa mayeso a Sitandade 8 limafunsidwa papepala, aphunzitsi ambiri amangolembetsa manotsi pa bolodi, mwana n'kuloweza tanthauzo la sewero asanaimepo pa bwalo. Alangizi a maphunziro a m'mazoni angathe kukonza tsiku limodzi pa teremu loti masukulu oyandikana aonetserane masewero opanga okha. Zimenezi sizifuna holo kapena magetsi. Ndipo mkulu wa zamaphunziro m'boma la Thyolo alembere a hedi onse kalata yonena poyera kuti palibe mphunzitsi adzasamutsidwe kapena kudzudzulidwa chifukwa cha sewero la ana. A hedi anga akanakhala ndi kalata yotere m'kabati, mwina sakanaomba m'manja msanga. Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene inabala Travelling Theatre, itumize ophunzira ake a zisudzo kukakhala m'masukulu a m'maesiteti pa tchuthi, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pa maphunziro ao.

Kwa eni maesiteti ndikuti mphatso imene imatseka pakamwa pa wolandira ndi ngongole. Mu 2016 bungwe lanu la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU, ndipo tiyi sanaleke kuphuka chifukwa choti munakhala pa tebulo limodzi ndi othyola. Chitaninso chimodzimodzi pa nkhani iyi. Nenani pa msonkhano wa makolo, manijala ali pomwepo, kuti malata ndi mjigo sizidzachotsedwa ndipo palibe kholo lidzataye ntchito chifukwa cha zimene ana asewera. Manijala wanzeru akanapempha yekha mpando wa kutsogolo, chifukwa m'mphindi khumi za sewero la ana angamve zimene akapitawo ake sadzamuuza pa chaka chonse.

Potsiriza ndikulankhula nanu owerenga athu a m'tauni, makamaka inu akuluakulu amene munabwerera kwanu chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa, kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare ndi London. Inu mukudziwa kuposa ine mtengo wa mau. Ena mwa inu munathawa chifukwa cha chiganizo chimodzi chimene munanena pa malo omwera tiyi, wina n'kukanena. Ana anu ndi adzukulu anu lero amaphunzira m'masukulu amene ali ndi makalabu a zisudzo ndi a mtsutso, ndipo Loweruka mumapita kukawaombera m'manja. Tiyi amene mumamwa m'mawa uliwonse amathyoledwa ndi amayi a ana amene ndikukambawa, ulendo wa ola limodzi lokha kuchokera pa Limbe. Ambiri a inu munachitapo masewero a ATEM muli achinyamata, ena munayendapo ndi Travelling Theatre. Sankhani sukulu imodzi, pitani kawiri pa teremu, khalani pansi pa bulugamu n'kumvetsera. Kupezeka kwanu kokha ndi chitetezo, pakuti si chapafupi kudula sewero la mwana pamene gogo amene anakhalapo ku Mikuyu wakhala kutsogolo akudikira kuti aone mathero ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndisanakwere minibasi tsiku lija ndinakumana ndi mtsikana uja panjira, atabweza kale chipewa cha eni. Ndinamufunsa kuti sewero lao likanatha bwanji. Anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka anandiuza kuti anagwirizana kuti amayi onse a pa mzere atula madengu pansi nthawi imodzi, n'kupita limodzi ku ofesi ya manijala. Palibe mlendo anawauza zimenezo. Anandifunsanso kuti, "Achimwene, kodi anthu aja adzabweranso?" Ndinamuuza kuti ndikawafunsa, ndipo funsolo ndalipereka pano kuti ayankhe poyera. Ine ndidzapitakonso teremu ikubwerayi, ndipo ndikapempha a hedi, mwaulemu wonse, kuti ana aja amalize sewero lao.